Silabu ya Amalume Valdivino

Amati munthu asamalembe atapsa mtima, adikire kaye mkwiyo uphwe. Ine ndadikira zaka ziwiri, sukuphwa, ndiye ndilemba uli chomwecho. Wina akadzionamo asandiimbire foni.

Amalume anga a Valdivino, achimwene awo a mayi anga, anagwira ntchito yomanga zaka makumi anayi ndi chimodzi kuno ku Belo Horizonte. Ndi munthu wamfupi, wamatewe, wa manja okhakhala ngati njerwa, ndipo pensulo sichoka kukhutu kwawo ngakhale m'tchalitchi. Sukulu anailekera m'kalasi yachitatu, koma khoma akangolitsinzinira diso limodzi amakuuzani kumene lapendekera. Nyumba zazitali za ku Savassi, zija mumakweramo ndi chikepe, zambiri zili ndi thukuta lawo. Akaweruka ankakwera mabasi awiri kubwerera kwathu ku Barreiro, pamtunda pomwe msewu wa phula umathera.

Lamlungu sankapuma. Kwathu makoma munthu amadzimangira yekha, njerwa makumi awiri lero, thumba la simenti mwezi wamawa. Koma tsiku lothira silabu pamwamba palibe mwamuna amene angathe yekha, chifukwa konkire siidikira munthu. Umangouza anthu kuti Lamlungu kuli silabu, n'kuphika mphika waukulu wa nyemba zothira nyama ya nkhumba, mowa n'kuika pozizira. Anthu amabwera okha, wina ndi fosholo, wina ndi chitini, n'kundanda kuyambira pamulu wa mchenga mpaka pamakwerero. Amalume ankakhala pamwamba, akusalaza uku akukalipira aliyense. Theka la madenga a pamtunda pathu linadutsa m'manja mwawo, ndipo sanalandirepo kanthu kupatula mbale ya nyemba ndi matsire a Lolemba.

Anawatsitsa ndi mawondo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri dokotala anati za makwerero aiwale. Anakhala pakhomo miyezi itatu akusowetsa mtendere akazi awo, a Zuleide, mpaka mayiwo anandiimbira.

"Edivânia, bwera udzatenge amalume akowa ndisanawathire m'thanki. Dzulo agumula sitepe yabwinobwino, ati aimangenso."

Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, koma moyo wanga weniweni uli patebulo. Kuyambira ndili mtsikana ndimayendetsa masewera a nthano, aja mmodzi amasimba ndipo enawo aliyense amakhala munthu wa m'nkhaniyo, madayisi n'kumagamula amene wapulumuka. Kunyumba ndili ndi shelefu yodzaza masewera a m'mabokosi. Ndinatenga atatu kupita nawo kwa amalume. Anasewera onse, anagonja onse, kenako anakankha bokosi ndi chala.

"Amene anapanga izi sanagwirepo fosholo. Mudzi wonse kumangidwa ndi khadi limodzi? Mwana wa mlongo wanga, anthu akukuberani."

Patapita sabata ndinawapeza akucheka thabwa.

Masewera awo anawatengera zaka zitatu. Thabwalo linali lotsala pa ntchito ina, analigawa mapuloti anayi ndi pensulo. Tianthu anadula ku mpini wa tsache, njerwa ku mapatapata akale a a Zuleide, ndipo makhadi anajambula kuseri kwa timabokosi ta mankhwala timene ndinkawabweretsera kuchokera kuntchito. Malamulo ake ndi osavuta. Osewera ndi anayi, aliyense ali ndi tianthu tinayi. Makoma umamanga wekha. Koma silabu imafuna tianthu tisanu ndi tiwiri nthawi imodzi, ndiye titatu tiyenera kuchokera kwa anzako. Chakumunsi kwa mulu wa makhadi kumabisala khadi la mvula. Likatuluka masewera atha, chipinda chilichonse chopanda silabu chagwa, ndipo wapambana ndi amene ali ndi zipinda zambiri zadenga. Za kuthandizana amalume analemba mzere umodzi wokha: pa tsiku la silabu, aliyense angathe kutumiza anthu ake kwa mnzake. Wotumizayo sapeza kalikonse, ndipo ulendo umenewo ntchito ya kwake imaima.

Lamlungu lililonse masana ankasewera pakhonde. Osajomba anali a Geraldino, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo amene ananyamula nawo zitini za konkire kuyambira ali anyamata, ndi a Nilza, mayi wosoka zovala wa nyumba yoyandikana. Wachinayi ndinkakhala ine, kapena aliyense wodutsa. Phokoso lake linkamveka mpaka pa siteji ya basi.

"Geraldino, silabu!"

"Ine lero ayi, ndili ndi maliro a apongozi."

"Apongozi akowo anamwalira kale kawiri sabata yatha. Tumiza anthu."

"Nawa awiri. Koma nyemba zako za ulendo watha zinalibe nyama, anyamata anga akudandaula."

"Wachitatu ndi wanga uyu," a Nilza ankatero, akuponya kamtengo pa puloti ya amalume. "Kupatsa n'kuika, Valdivino. Ndikadzaitana ine usadzayambe kumva mawondo."

Ankapikisana zenizeni, ankaberana makhadi, ankatukwanizana. Koma silabu ikaitanidwa anthu ankatuluka. Wokana ankadziwa chomudikira: tsiku lake likafika, onse ankangoyang'ana kumwamba n'kumaimba mluzu.

Chaka chilichonse mu Julaye mumzinda muno mumachitika msonkhano waukulu wa masewera a patebulo, masiku awiri, muholo ina ya m'tauni. Ine ndathandiza kumeneko mwaulere zaka khumi ndi ziwiri. Muli ngodya ya masewera odzipangira, ndipo amene asankhidwa, kampani ina yaing'ono imawasindikiza, bokosi lenileni, dzina la mwini pamwamba. Nditawauza amalume anaseka. M'mawa mwake anandiimbira ndisanasambe n'komwe.

"Vânia, dzinalo amalemba lonse?"

"Lonse, amalume."

"Valdivino Amaro dos Reis?"

"Ngakhale la agogo, mukafuna."

Kenako anati, "Nyumba zonse zija ndamanga, pakhomo pamalembedwa dzina la injiniya. Ndikufuna chinthu chimodzi choti munthu akachinyamula awerenge kuti anapanga ndi ine."

Ndinawalembetsa tsiku lomwelo. Kabuku ka malamulo ndinawatayipira ine, osasintha ngakhale liwu limodzi, ndipo ndinkadzitama nazo.

Loweruka la msonkhano anavala malaya oyera aja amavala pa maukwati, nsapato zopolisha, thabwa atalikulunga m'nsalu ya patebulo ya a Zuleide. Pageti mlonda anawayang'ana kumaso, n'kuyang'ana thabwa, n'kuloza kumbali.

"Madala, onyamula matebulo akulowera kuseri."

Ine magazi anawira. Ndinamuonetsa chikalata chawo cholowera, n'kumufunsa ngati munthu wovala chisoti cha nkhondo cha katoni amene anali atangodutsa kumene anamufunsanso zolowera kuseri. Amalume anandikoka mkono, ati tisayambe tsiku ndi ndewu.

M'katimo munali momwe mumakhalira chaka chilichonse. Matebulo mazana, madayisi kugubuduzika mbali zonse, azibambo a ndevu zawo atavala makutu osongoka a pulasitiki, azimayi atanyamula malupanga a siponji, wina akulira zenizeni chifukwa msilikali wake wa papepala waphedwa ndi chinjoka. Musandimve molakwa, amenewa ndi anthu anga. Ndakula nawo, ena ndavina pa maukwati awo, n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa chonchi. Amalume sanadabwe ndi chilichonse mwa zimenezi. Anangokweza maso kuyang'ana mitanda ya denga, n'kugwedeza mutu kuti amene anathira pamenepo ankaidziwa ntchito.

Pangodya ya masewera odzipangira pali mwambo umodzi umene sitiuphwanya. Masewera akamayesedwa, mwini wake salankhula. Amakhala pampando kuseri kwa mzere wachikasu womata pansi, anthu osawadziwa n'kutenga kabuku, kuwerenga okha, kusewera okha. Mwini asafotokoze, asaloze, ngakhale kutsokomola mokayikitsa. Akatero wachotsedwa. Chifukwa chake n'chomveka: bokosi likagulidwa limapita m'nyumba za anthu lokha, mwini satsagana nalo. Mwambo umenewu ndinauteteza zaka zonsezi, ndipo ndinachotsapo anthu awiri ndi pakamwa pangapa. Ndinawalumbiritsa amalume m'basi, ndinawalumbiritsanso pampandopo.

"Ngakhale aseweretse thabwa chadodolido, amalume, inu phee."

"Ndamva. Ndagwirapo ntchito ndi mainjiniya, kukhala chete ndimakudziwa."

Patebulo panakhala anthu anayi. Woyamba anali Túlio, bambo wa ndevu zopesa amene amaika mavidiyo oweruza masewera pa intaneti, ndipo sangathe mphindi zisanu osakuuzani kuti kwawo ali ndi mabokosi mazana asanu. Panali Ísis, mtsikana wa ku yunivesite wa nkhope yabwino mtima, ndi abale awiri ovala malaya ofanana amene mayina awo sindinawasunge. Pambali panaima a Otávio, mwini kampani yosindikiza ija, amenenso anali woweruza wamkulu, pepala ndi cholembera m'manja.

Túlio analanda kabuku, n'kukawerenga mokweza ngati akuthamangitsidwa.

"Ndamva, ndamva. Kuika antchito, kutolera zipangizo, zomwe zija." Ananunkhiza khadi limodzi. "Koma makhadiwa akununkha mankhwala a chifuwa."

Poyamba zinayenda bwino. Makoma anakwera, anthu ankaseka zojambula za amalume, makamaka khadi la galu wogona pamulu wa mchenga. Ndinaona a Otávio akumwetulira n'kulemba kanthu, ine mtima unakhala pansi. Kenako mmodzi wa abale aja anamaliza chipinda, anaika tianthu take tinayi pamwamba, n'kunena kuti, "Silabu."



Ísis ananyamula kamunthu kamodzi. Dzanja linali litafika kale pakati pa thabwa pamene Túlio analankhula.

"Ukupanga chiyani?"

"Ndikumuthandiza."

"Upezapo chiyani?"

Mtsikanayo anatenga kabuku, anatembenuza masamba, anabwereranso poyamba. "Palibe."

"Ndiye ukutaya ulendo wako kuti iyeyu akutsogolere, ndipo palibe lamulo lomukakamiza kudzakubwezera. Woyamba kuthandiza ndi woyamba kuluza. Masamu osavuta awa."

Ísis anabweza kamunthu kaja mwamanyazi ngati amugwira akuba. Silabu sinathiridwe. Wotsatira anaitana, palibe anatuluka. Túlio mwiniwake ataitana ndipo onse atangomuyang'ana, anagwedeza mutu mokhutira.

"Mwachita bwino. Inenso sindikanatumiza."

Ndiye anangopitiriza kumanga makoma. Makoma, makoma, makoma, thabwa lonse kudzaza zipinda zoyasama. Mwana aliyense amadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, koma apa panali mitu inayi yophunzira bwino, denga osanyamuka. Anthu amenewa si oipa mtima, ndimawadziwa. Túlio yemweyu anandiperekezapo kuchipatala pagalimoto lake mayi anga atadwala. Koma mukamukhazika patebulo n'kumupatsa kabuku, sasuntha chala ngati kabukuko sikanamulonjeze kanthu. Tinadziphunzitsa tokha zimenezi, zaka ndi zaka, ndipo timazitcha kusewera mwanzeru.

Amalume anali kuseri kwa mzere wachikasu, chipewa pamawondo. Pensulo inali itachoka kukhutu, ili m'kamwa. Kachitatu silabu itaitanidwa popanda woyankha ndinamva kuti thyo, anali atailuma mpaka kuthyoka. Anandiyang'ana kamodzi kokha, maso akupempha. Ine, mwana wa mlongo wawo, nditavala malaya a msonkhano ndi baji pachifuwa, ndinapukusa mutu. Chimenecho sindinadzikhululukirebe.

Patatha mphindi makumi anayi khadi la mvula linatuluka. Zipinda zonse zinagwa, ndipo panalibe wopambana.

"Seu Valdivino, tsopano mungathe kulankhula," anatero a Otávio, akuwatchula mwaulemu monga timatchulira bambo wamkulu kuno.

Amalume anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Analavulira tizidutswa ta pensulo m'manja n'kutiika m'thumba.

"Ana anga, ndifunse nawo. Munthu waitana silabu, inu muli ndi anthu anayi angokhala. Mumadikira chiyani, kalata?"

"Madala, musakhumudwe," anatero Túlio. "Maganizo ndi abwino, koma masewerawa ndi othyoka. Palibe chondikopa kuti ndithandize."

"Chokukopa? Si mnansi wako ameneyu?"

"Ndi mdani wanga. Tikupikisana."

"Ifenso timapikisana, mpaka kutukwanizana. Koma denga ndi denga."

"Nanga ndikamuthandiza, iye osadzandithandiza?"

"Ndiye kuti onse aona. Adzaitana mpaka mawu kusasa, anthu akuyang'ana kumwamba."

"Zimenezo m'kabukumu mulibe."

"Zolemba zimenezo? Zoti ukalowa m'nyumba ya eni upereke moni unaziwerenga m'kabuku kati?"

Abale aja anaseka. Sankaseka nthabwala, ankaseka mkulu wa malaya a ukwati amene sakudziwa mmene zinthu zimayendera. Apo ndiye ine zinandikwana.

"Iwe Túlio, mabokosi mazana asanu, koma kubwereka munthu kamtengo ka tsache kukukanika? Unakulira m'kabati? Tsiku limene paipi idzaphulike kwanu kuja pansanjika yakhumi, udzagogode kwa mnansi wako, udzamufunse kaye chomukopa!"

"Edivânia, wavala malaya a msonkhano," anatero a Otávio motsitsa mawu.

Ankanena zoona. Ndinavula baji n'kuiika patebulo.

A Otávio ndi munthu wofatsa, sakweza mawu, ndipo ine anthu otere ndimawaopa kuposa olongolola. Anakokera mpando pafupi ndi amalume, ananyamula kamunthu kamodzi n'kumakatembenuza m'zala.

"Seu Valdivino, masewera anu ndawakonda. Zaka zonsezi sindinaonepo ofanana nawo. Koma ine ndimagulitsa kwa anthu ngati awa, osati kwa anzanu a ku Barreiro. Wonjezerani mzere umodzi basi. Kamunthu kalikonse kotumizidwa kwa mnzako, mapointi awiri kwa wotumiza, n'kudzaphatikiza ndi zipinda pomaliza. Mukatero mawa tiyesanso. Mukaona kuti simungathe, tasiyana bwino, palibe chakukhosi."

Tinatuluka panja. Inali nthawi ya nkhomaliro, tinakhala pakakhoma ka m'mbali mwa msewu n'kutsekula kontena imene a Zuleide anatilongedzera, mpunga, nyemba ndi nkhuku.

"Kanani, amalume. Kulungani thabwa tizipita. Akufuna muzimulipira munthu chifukwa chokhala munthu."

Iwo ankangotafuna.

"Mukundimva? Vuto si masewera anu, vuto ndi mitu yawo. Tidzapeza kwina."

"Kuti?"

Kwinako kunalibe. Anapukuta pakamwa, anatseka kontena, n'kundiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaonepo.

"Vânia, wandibweretsa kuno ndi ndani?"

"Ndine."

"Wanditseka pakamwa anthu akugwetsa nyumba zanga ndi ndani?"

"Ndine, amalume."

"Ndiye tsopano ukufuna undigwirenso dzanja? Zaka makumi anayi ndamanga zofuna za eni. Wina ankafuna chimbudzi choyang'anana ndi khitchini. Ndinamuuza kamodzi kuti n'zopusa, anakana, ndinamanga. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, mawondo atha, maso akutsatira. Iwe ukadali ndi nthawi yokana zinthu. Ine ndilibe."

"Koma sakhalanso masewera anu."

"Mzerewo ndi wa anthu a makutu osongokawa. Kwathu tizisewera mmene timasewerera."

Anatulutsa chidutswa cha pensulo m'thumba, anachinola pakhoma, anatsamiritsa kabuku pabondo, n'kulemba mzere uja m'munsi mwa tsamba lachiwiri ndi zilembo zawo zazikuluzikulu. Anandifunsa ngati analemba bwino. Ndinati analemba bwino.

Lamlungu anthu omwe aja anakhalanso patebulo. Silabu yoyamba itangoitanidwa, tianthu tinachita kugundana pothamangira. Túlio ankatumiza anthu kulikonse, ngakhale kumene sankafunika, n'kumalemba mapointi ake pakapepala. Anapambana ali ndi zipinda ziwiri zokha, kuposa Ísis amene anali nazo zinayi. Anadzuka n'kukagwira amalume chanza ndi manja onse awiri.

"Mwaona, madala? Mzere umodzi basi. Tsopano ndi masewera enieni."

Masana omwewo, pamaso pa holo yonse, anatchula dzina la Valdivino Amaro dos Reis. Amalume anakwera pansanja akukoka mwendo, chipewa m'manja, misozi ikuyenderera m'makwinya. Ndinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa, uku mkati ndikuwira.

Bokosi linatuluka patatha miyezi khumi. Linali lokongola, sindinganame. Tianthu topaka utoto, njerwa zofiira zosalala, makhadi onyezimira, ndipo pamwamba dzina lawo lonse, losalakwika chilembo. Analinyamula kupita nalo kometa tsitsi, kutchalitchi, ngakhale kuchipatala pokapimitsa mawondo. Anakwera nalo mabasi awiri kukaonetsa mlonda wa nyumba ina imene anamanga ku Savassi. A Zuleide anapha nkhuku zitatu, pamtunda ponse panabwera kudzaligwira. Amalume anasangalala, ndipo chimenecho sindingawalande ngakhale ndikwiye bwanji.

Zoti kwathu azisewera mmene ankasewerera zinatha Lamlungu loyamba lomwe. Ndani angafune thabwa la pensulo bokosi lonyezimira lili pomwepo? M'mphepete mwa bolodi latsopanolo munali kanjira ka manambala kosungira mapointi, ndipo a Geraldino anakakonda ngati mwana wapeza chidole. Masabata oyamba phokoso linali lomwe lija. Kenako ndinayamba kuona kuti apongozi a a Geraldino asiya kumwalira. Silabu ikaitanidwa sankanamizanso maliro, sankadandaulanso za nyemba. Ankangoyang'ana kanjira kaja, milomo ikugwedera, n'kutumiza kapena osatumiza. A Nilza anayamba kubwera ndi magalasi awo osokera kuti aziona bwino manambala. Masewera ankayenda mwachangu, mosakangana, ndipo odutsa mumsewu sankaimanso kudzaonerera.

Amalume anapirira miyezi inayi. Lamlungu lina ndinawapeza atayala nsalu pakhonde, pamwamba pake thabwa lakale lija, tianthu ta mpini wa tsache titandanda m'mapuloti.

"Lero tisewera awa," anatero. "Bokosilo lipume."

"Aa, zakale zija?" anatero a Geraldino akukhala pansi. "Chabwino, gawa makhadi, nkhalamba iwe."

Tinamanga makoma. Amalume ndi amene anayamba kumaliza chipinda. Anaika tianthu tawo tinayi pamwamba, n'kumenya thabwa ndi chikhato monga ankachitira kale.

"Geraldino, silabu!"

A Geraldino anaweramira pathabwa, anayang'ana m'mphepete monse, anakweza ngodya imodzi kusuzumira pansi.

"Mapointi tikulemba pati?"

"Muno mulibe mapointi."

"Mulibe?" Anaseka, osati mwachipongwe, kuseka kwa munthu amene wamva chinthu chosamveka. "Ndiye ine ndigwirirenji ntchito yaulere?"

Munthu ameneyu ananyamula konkire paphewa pa masilabu enieni oposa makumi anayi. Ali ndi chipsera pamutu cha chitini chimene chinamugwera padenga la a Nilza. Ndinatumiza kamunthu kanga msangamsanga, kenako kena, koma kanatsala kamodzi, ndipo anthu anga ena awiri anali atapita kale kokatenga mchenga. Tonse tinayang'ana a Nilza.

"Dona Nilza, mmodzi yekha," ndinatero, ndikuwatchula mwaulemu monga timatchulira mayi wamkulu.

Mayiwo anakonza magalasi, anayang'ana makoma awo, anayang'ana mulu wa makhadi umene unali utachepa.

"Mvula yayandikira, mwanangu. Ndikatumiza nditsalira. Ulendo wina."

Amalume anadikirabe. Dzanja lawo linali pathabwa, pafupi ndi tianthu tisanu ndi kamodzi tija, ndipo anadikira nthawi yaitali kuposa imene masewera amalola. Kenako anandibwezera tianthu tanga tiwiri, n'kuuza a Geraldino kuti ulendo ndi wawo. Tinasewera mpaka mvula inatuluka. A Geraldino anayasamula, n'kunena kuti sabata yamawa tibwerere ku bokosi, awa akuchedwetsa.

Lachitatu ndinapita kukawasiyira mankhwala a mawondo. Pakhonde panalibe munthu, a Zuleide anandilozera kuseri. Ndinawapeza amalume atagwada movutikira pakhola la nkhuku, misomali m'kamwa, hamala m'manja. Pabowo limene agalu ankalowetsapo mitu anali atakhomapo thabwa lija, mapuloti anayi a pensulo atayang'ana kunja.

"Amalume! Zaka zitatu zimenezo!"

Anachotsa msomali m'kamwa, anauimika pangodya yomaliza, pomwe panali puloti ya a Geraldino.

"Thabwa ndi thabwa, mwanangu," anatero. "Gwira apa, likusuntha."

Ndinagwada n'kuwagwirira, iwo anakhoma.